Madzi Saiwala Khwawa: Nyanja Yathu, Makoteji Athu ndi Khonsolo

Mawu amene anayankhulidwa ndi mmodzi wa ife pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale

 

Nkhani imene ndapemphedwa kukamba ndi ya nyanja. Monga mukudziwa, angapo mwa ife ali ndi makoteji kapena malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa Mangochi boma, kudzera ku Nkopola, Nkhudzi Bay ndi Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear. Ena mulibe, koma ndikudziwa kuti mukuwerengera masiku oti mulandire ndalama za penshoni kuti mukagule kamalo kumeneko. Funso limene linafika ku komiti ndi ili: kodi eni makoteji atagwirizana n'kugwira ntchito limodzi ndi khonsolo ya Mangochi, angathe kubwezeretsa madzi pamene nyanja yatsika, kapena kuwachepetsa pamene yasefukira?

Ndiyankhe msanga kuti pasakhale wondidikira. Sangathe. Palibe komiti, palibe khonsolo, palibe ngakhale nduna imene ingadzaze nyanja imeneyi kapena kuiphwetsa monga momwe tichitira ndi thanki ya pakhomo. Koma ilipo ntchito ina, yaikulu ndithu, imene eni makoteji ndi khonsolo angathe kuigwira, ndipo nyanja ikutidikira kuti tiiyambe. Ndisanafike kumeneko, ndiloleni ndikubwezereni pang'ono m'kalasi ya jogalafe. Amene munkagona kumbuyo kuja, lero dzukani.

Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndilo mtsinje wa Shire, umene umayambira pafupi ndi tauni ya Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe n'kumatsikira ku Liwonde. Ambiri timaganiza kuti Shire sanalekepo kuyenda. Si choncho. Kuyambira m'chaka cha 1915 mpaka cha m'ma 1935, madzi a m'nyanja anatsika kwambiri kotero kuti analeka kutulukira mu Shire. Mchenga ndi bango zinatseka njira, ndipo anthu anayamba kulima m'malo amene lero timati nyanja ya Malombe. Sitima za pamadzi zimene kale zinkachokera ku Matope kukwera mpaka kunyanja zinasowa podzera. Zaka 20 ndi nthawi yaitali. Mwana wobadwa nthawi imeneyo anakula mpaka kukwatira akudziwa kuti pamenepo ndi pamunda. Kenaka mvula inachuluka kwa zaka zingapo, nyanja inakwera, inaboola mchenga uja n'kutenganso njira yake. Akuluakulu sanama pamene anati madzi saiwala khwawa.

Kutalika kwa madzi a m'nyanja kumayezedwa poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo nthawi zambiri nyanja yathu imakhala pa mamita 474 kapena kuposerapo pang'ono. Chaka chilichonse imakwera ndi kutsika ndi pafupifupi mita imodzi: imafika pamwamba cha mu Epulo kapena Meyi, n'kutsikitsitsa cha mu Novembala kapena Disembala. Kumeneko ndiko kupuma kwake kwa chaka ndi chaka. Koma ilinso ndi kupuma kwina kotenga zaka zambiri. M'chaka cha 1980 madzi anapitirira mamita 477, ndipo nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zinamira. Pambuyo pa chilala cha 1992 ndi cha 1995, chaka chomwe nyanja ya Chilwa inauma, madzi anatsika mpaka pafupi ndi mamita 473 m'chaka cha 1997. Anatsikanso motero m'zaka za 2016 ndi 2017. Mukukumbukira kuthimathima kwa magetsi kwa nthawi imeneyo, zigayo zitaima, ometa ndi owotcherera atakhala manja lende, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo mu 2018. Sizinathe zaka zambiri, mu 2024, nyanja yomweyo inapitirira mamita 476, n'kulowa m'zipinda zogona alendo ku Mangochi, ku Senga Bay, ku Nkhotakota ndi kwina.

Taonani tsono. Pakati pa 1980 ndi 1997 pali kusiyana kwa mamita 4. Pagombe lathyathyathya ngati la kuno kumwera, mamita 4 a kuya angasanduke mtunda wautali ndithu wa mchenga. Munthu amene anagula malo mu 1997 kapena mu 2017 anaona gombe lalikulu lokongola, naganiza kuti nyanja imathera pamene akuionapo. Sanadziwe kuti waimirira pabedi pa mwini wake amene wangopita kukayenda.

Mwina wina afunsa kuti, nanga baraji ya ku Liwonde ntchito yake n'chiyani? Funso limeneli n'loyenera. Kamuzu Barrage inamangidwa m'chaka cha 1965, pokonzekera malo opangira magetsi a Nkula amene anayamba kugwira ntchito mu 1966. Ili ndi zitseko 14, ndipo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pamene Shire amatulukira m'nyanja. Imatha kugwira madzi a m'nyanja chifukwa kuchokera ku Mangochi kukafika ku Liwonde mtsinjewu sutsetsereka kwenikweni. Pakati pa 2014 ndi 2019 inakonzedwanso ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo inawonjezeredwa mphamvu yosunga madzi ndi masentimita 40. Amene amalamula za katsegulidwe ka zitseko zake ndi bungwe la National Water Resources Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la za madzi la 2013. Si khonsolo ya Mangochi ayi.

Koma ngakhale amene ali ndi makiyi a barajiyo mphamvu zawo n'zochepa. Mwa madzi onse amene nyanja imataya pa chaka, pafupifupi magawo anayi mwa asanu amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Shire amangotenga gawo lotsalalo. Ndipo madzi amene amalowa, ambiri amachokera ku mvula yogwa panyanja penipenipo ndi ku mitsinje ya kutali: Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe. Mvula ya ku mapiri a kumwera kwa Tanzania ili ndi mawu aakulu pa khonde lanu la ku Nkhudzi Bay kuposa mvula imene imagwa padenga lanu.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, aphunzitsi athu ali pano atikonze. Kukula kwa nyanjayi ndi masikweya kilomita pafupifupi 29,600. Sentimita imodzi yokha pamwamba pa nyanja yonseyo ndi madzi okwana makyubiki mita 296 miliyoni. Tiyerekeze kuti a ku Liwonde awonjezera madzi otuluka ndi makyubiki mita 400 pa sekondi iliyonse, omwe ndi madzi ochuluka zedi. Kuti nyanja itsike ndi sentimita imodzi pangapite masiku oposa 8. Kuti itsike ndi mita imodzi pangapite zaka zoposa ziwiri, ndipo apo ndiye kuti mvula sikuwonjezerapo kanthu. Chimodzimodzinso potseka: kuti musunge mita imodzi, muyenera kumana mtsinje madzi ochuluka chomwecho kwa zaka ziwiri.

Ndipo kumunsi kwa Liwonde kuli anthu. Kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Kuli Walker's Ferry, kumene mzinda wa Blantyre umapopa madzi ake akumwa. Kuli minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndi midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene inaona zoopsa ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Mukatseka zitseko kuti boti lanu liyandame pafupi ndi khonde, mwathimitsa magetsi ku chipatala. Mukatsegula zonse kuti madzi achoke pabalaza panu, mwawatumiza m'nyumba ya munthu wa ku Nsanje amene alibe nyumba yachiwiri. Mu 2017 pamakonde ambiri dandaulo linali lakuti madzi athawa, bwanji osatseka ku Liwonde. Mu 2024 eni malo ogona alendo anapempha boma kuti litsegule. Walira mvula walira matope. Sindikunyoza wina aliyense, pakuti kuona nyumba imene unaimanga ndi thukuta la zaka 30 itaima m'madzi n'chinthu chowawa, ndipo alonda, ophika ndi osesa ambiri ntchito zawo zinaima. Ndikungonena kuti tikamapita ku boma ndi pempho lina chaka chino, n'kupitanso ndi losemphana nalo patatha zaka zochepa, mawu athu amapepuka.

Nanga tsono tichite chiyani? Ine ndikuona zinthu zisanu zimene zili m'manja mwa eni makoteji, khonsolo ndi mafumu, ndipo palibe ngakhale chimodzi chofuna chilolezo cha mitambo.

Choyamba ndi mzere wa malire. A National Water Resources Authority anakumbutsa anthu mu 2024 kuti malo onse amene ali pansi pa mamita 477 ndi a nyanja, ndipo sipayenera kumangidwa nyumba. Nambala imeneyi sinangogwa kumwamba: ndi pamene madzi anafika mu 1980. Vuto ndi lakuti mzerewu uli pa mapepala, suoneka pansi. Munthu wogula malo sauona, mfumu yogawa malo siuona, mmisiri wokumba maziko sauona. Eni makoteji angathe kusonkha ndalama, khonsolo n'kubweretsa oyeza malo mogwirizana ndi a zamadzi, n'kuimika zipilala za simenti zopakidwa penti m'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja, kuti ngakhale mwana wa sukulu adziwe pamene nyanja imafika ikakwiya. Mtengo wa zipilala zimenezi sungafike pa mtengo wa nyumba imodzi yomira. Ndipo inu amene mukufuna kugula malo, musanapereke ngakhale tambala, funsani oyeza malo kuti malowo ali pa mamita angati, kenaka funsani nkhalamba za m'mudzimo kuti madzi a 1980 analekeza pati. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi bango ndi mchenga. Ambiri tikagula malo, ntchito yoyamba ndi kulemba aganyu kuti adule bango lonse, kuti gombe liyere ngati la pa chithunzi cha kalendala. Koma bango lija ndilo limathyola mphamvu ya mafunde a mwera m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, ndipo ndimo mobisala tiana ta nsomba. Tikalichotsa, mafunde amayamba kudya gombe. Pamenepo timamanga chipupa cha miyala, chipupacho n'kukankhira mafunde kwa mnansi wathu, nayenso n'kumanga chake, mpaka mafunde onse akathere pa doko la asodzi amene alibe simenti. Enanso amatapa mchenga wa pagombe ndi malole kukamangira nyumba kutauni. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake aang'ono pansi pa lamulo la maboma aang'ono la 1998. Tiipemphe kuti iike lamulo la kukula kwa bango loyenera kusiyidwa pa malo alionse ndi la kumene mchenga ungatapidwe, ndipo ife tikhale oyamba kulitsata.

Chachitatu ndi zimbudzi. Pepani kuti ndikutchula zimenezi chakudya chili pafupi. Madzi akakwera samangolowa pabalaza pokha, amalowanso m'maenje a zimbudzi zathu, ndipo zonse za m'menemo zimakathera m'nyanja, momwe amayi a m'mudzi amatunga madzi, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana. Tisaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Likodzo nalo ndi nkhani yodziwika ku Cape Maclear. Tigwirizane ndi a zaumoyo a khonsolo kuti ayendere malo athu onse, atiuze maenje oyenera kusamutsidwira kumtunda, ndipo tithandize kumanga zimbudzi zabwino pa madoko a asodzi oyandikana nafe. Nyanja yakuda siisankha kuti uyu ndi mlendo wolipira, uyu ndi mwana wa m'mudzi.

Chachinayi ndi njira zopita kunyanja. Apa ndipamene pagona mkangano weniweni pakati pa ife ndi eni mudzi. Madzi akatsika, ena amasuntha mpanda kutsata madziwo, ngati kuti nyanja yawapatsa mphatso. Madzi akakwera, gombe limachepa, ndipo msodzi amapeza kuti pokokera bwato lake ndi poyanika usipa wake patsala mpanda wa waya ndi galu. Anthu a kwa Mponda, kwa Nankumba, kwa Chimwala ndi kwa Makanjira anali pa nyanjayi makoteji asanabwere. Kuyambira mu 1993, chambo chitachepa kwambiri ku Malombe, boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a asodzi a m'midzi ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo makomiti otere anafalikira m'madoko ambiri. Alipo kale, sitikufunika kuyambitsa ena. Chofunika ndi chakuti eni makoteji akhale nawo pansi pamodzi ndi mafumu ndi a khonsolo, alembe pa mapu njira iliyonse ndi doko lililonse la anthu onse, n'kugwirizana kuti zimenezi sizitsekedwa, madzi achuluke kapena achepe. Mlonda wabwino wa koteji yanu si uja wa chibonga ayi, koma mudzi umene sukusungirani chakukhosi.

Chachisanu ndi mitengo. Pano ndinene mosamala, chifukwa pamisonkhano timakonda kulonjeza kuti tikadzala mitengo nyanja idzadzaza. Mitengo imene tingadzale ku Mangochi singakweze nyanja ya masikweya kilomita 29,600. Chimene ingachite ndi kugwira dothi. Mapiri akametedwa, timitsinje timabwera ndi matope, matopewo amakwirira malo oswanirana nsomba, amadzaza Malombe amene ndi wosaya kale, ndipo ena amakafika mpaka ku madamu a ku Nkula. Tsono tidzifunse: makala amene timawotchera chambo Loweruka madzulo amachokera kuti? Ambiri amachokera ku nkhalango zomwe zatizungulira, monga Phirilongwe ndi Namizimu. Si nzeru kupereka mbande 100 pa mwambo wodzala mitengo mu Januwale, n'kugula matumba a makala chaka chonse. Amene tingathe, tiphikire gasi kapena magetsi a dzuwa, ndipo tikathandiza kudzala mitengo, tithandizenso malipiro a oisamalira mpaka itakula.

Zonsezi zikufuna chinthu chimodzi chimene ambiri a ife timachizemba, ndicho kupezeka. Timafika kunyanja Lachisanu usiku n'kunyamuka Lamulungu masana. Khonsolo timaikumbukira pokhapokha msewu ukakumbika kapena madzi akalowa m'nyumba. Misonkhano ya chitukuko ya m'dera sitiidziwa tsiku lake, ndipo ena ngongole za msonkho wa malo zinatikundikira. Munthu amene salipira msonkho ndiponso sabwera kumsonkhano, akadzaimirira tsiku la tsoka n'kumaloza chala Bwana DC, anthu amangomuyang'ana. Khonsolo nayo ili ndi mbali yake: isavomereze mapulani a nyumba za pansi pa mzere uja, kaya mwini wake ndi wolemera chotani, ndipo ndalama zimene imatolera m'mbali mwa nyanja zizioneka ntchito yake komweko. Koma kuti tiifunse zimenezi ndi nkhope yowala, tiyambe takonza zathu.

Tikatero, ndiye kuti ngakhale ku Liwonde tidzakhala ndi chonena chomveka. Sitidzapita kukalamula kuti tsegulani kapena tsekani. Tidzapita pamodzi ndi khonsolo, mafumu ndi asodzi kukapempha zinthu zotheka: kuti mulingo wa nyanja uzilengezedwa pa wailesi kawirikawiri m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti chenjezo lizifika miyezi ingapo madzi asanafike pachimake mu Epulo, ndi kuti pokonza ndondomeko ya katsegulidwe ka zitseko, anthu a kumtunda azimvedwa monga amvedwera a magetsi ndi a ulimi wothirira. Pempho lotere palibe angalikane, pakuti silimiza munthu wa ku Nsanje.

A Wapampando, ndimalize ndi pempho kwa bungwe lathu lino. M'chipinda muno muli oyeza malo, mainjiniya, maloya, madokotala, aphunzitsi ndi ena amene munagwirapo ntchito m'makhonsolo. Sukulu yathu inatiphunzitsa ndi ndalama za misonkho ya anthu osauka, ena mwa iwo asodzi a kunyanja komweko. Ndikupempha kuti tisanabalalike lero tisankhe anthu asanu, ena okhala ndi makoteji ndi ena opanda, kuti akaonane ndi akuluakulu a khonsolo ya Mangochi n'kudzipereka kuthandiza mwaulere pa ntchito ya zipilala ndi ya mapu a njira zopita kunyanja. Tiyambe ndi mudzi umodzi, tione mmene ziyendere, ndipo adzatipatse lipoti pa msonkhano wa chaka chamawa. Ndikupemphanso kuti pa ndalama zimene timathandizira sukulu yathu, tipatuleko zina zoti ana a Fomu 3 azipita ku Liwonde kukaona baraji ndi maso awo, kuti adzakule akudziwa kumene magetsi awo amachokera.

Nyanja idzatsikanso, ndipo idzakweranso. Pamene idzatsike, padzaoneka gombe lalikulu loyera, ndipo adzabwera anthu okuuzani kuti pali malo otchipa. Tsiku limenelo mudzakumbukire nambala imodzi yokha mwa zonse ndatchula lero, 477, ndipo mudzauzeko ana anu.